Mpeni wa ku Chicago ndi mayi wa ku Mchinji

Kuno ku Mchinji banja likatha zaka ziwiri popanda mwana, chala chimaloza mkazi. Ankhoswe amakhala pansi, azakhali amatchula sing'anga wa kutsidya kwa Mwami, pamjigo mawu oti "chumba" n'kuyamba kumveka. Komatu ena mwa amayiwa ali ndi vuto lomwe madokotala analidziwa kalekale, lotchedwa PCOS: mazira sakhwima n'kutuluka mwezi ndi mwezi, msambo umadumphadumpha, ena amamera tindevu kapena kunenepa.

Mbiri ya opareshoni yake inayambira ku Chicago. Mu 1935, Irving Stein ndi Michael Leventhal analemba za amayi 7 omwe sankasamba bwino, matumba awo a mazira atakula. Anawang'amba pamimba n'kudula kachibenthu pathumba lililonse, monga timachitira ndi dzungu. Onse anayambiranso kusamba, awiri mpaka anatenga pakati. Kwa zaka pafupifupi 30, njira yodalirika inali imeneyi basi.

Koma mpeniwo unkasiya mavuto ake. Bala likamapola, zam'mimba zinkamatirirana, nthawi zina n'kutsekereza njira ya dzira. Mayi wapita kukafuna mwana, wabwerako ndi chotchinga china! N'chifukwa chake mapilitsi a clomiphene atavomerezedwa ku America mu 1967, madokotala ambiri anauika pansi mpeni uja.

Mu 1984, Halvard Gjønnæss wa ku Norway anabwera ndi njira yopepuka: kulowetsa kachipangizo koonera m'mimba pakabowo ka pamchombo, n'kuboola timabowo tochepa pathumba la mazira ndi singano yamagetsi. Zikatero mahomoni achimuna opangidwa m'thumbamo amachepa, mazira n'kuyambanso kutuluka. Ngakhale zili choncho, lero opareshoniyi imadikira pamzere. Malangizo a akatswiri a mu 2018 amati ayambe ndi mapilitsi a letrozole, kuboola kubwere mankhwala akakanika.

Ndiye mbiriyi ikutiuza chiyani ife a kumalire? Opareshoniyi imathandiza vuto limodzi lokha, loti dzira silikutuluka. Amayi ambiri mu Africa muno amalephera kubereka chifukwa machubu anatsekeka ndi matenda opatsirana pogonana, kapena obwera munthu akabereka ngakhalenso akapita padera. Apo kuboola thumba n'kutaya nthawi. Nthawi zinanso vuto limakhala la bambo, ndipo makolo athu ankadziwa zimenezi, apo ayi mwambo wolowetsa fisi m'nyumba yopanda mwana ukanachokera kuti?

Stein ndi Leventhal anayamba aona kaye chimene chavuta asanagwire mpeni. Ife timayamba ndi mlandu, kenako zitsamba, mbuzi n'kugulitsidwa, kuyezetsa kumabwera zaka zitapita kale. Chipatala cha paboma chilipo, ndipo zikafunika akatswiri amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Achimwene, ulendo umenewo ndi wa anthu awiri, musamusiye mlamu akakhale yekha pabenchi.