Matcheni, nsalu ndi matayala a nyengo yozizira m'misewu ya ku Kabwe

Matcheni a pa matayala ndi maunyolo achitsulo amene amamangidwa mozungulira tayala kuti galimoto isaterereke pa chipale chofewa. Harry Weed wa ku New York ndiye analembetsa luso limeneli m'chaka cha 1904. Nsalu za pa matayala zabwera posachedwa, ndipo zinatchuka ndi kampani ya AutoSock ya ku Norway. Zimavekedwa ngati sokosi, ndipo ulusi wake umamwa timadzi timene timakhala pakati pa tayala ndi madzi oundana kuti tayalalo ligwire. Zonse ziwiri zimaikidwa pa matayala amene injini imazunguza, ndipo opanga amaletsa kupyola makilomita 50 pa ola. Ku France, kuyambira 2021, woyendetsa m'madera ena a mapiri pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi ayenera kukhala ndi matcheni, nsalu kapena matayala a nyengo yozizira.

Ku Kabwe chipale chofewa sichigwa. Chimene chimavuta ndi matope a dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, m'misewu yafumbi ya ku Makululu, ya kumafamu ndi yolowera ku madambo a Lukanga. M'matope nsalu ilibe ntchito: imamata dothi nkusalala, ndipo miyala imaing'amba msanga. Tcheni ndiye imathandiza, chifukwa chitsulo chimaboola matope a pamwamba nkukagwira nthaka yolimba ya pansi. Komabe nayo ili ndi malire ake. Pamene pansi palibe polimba, tayala lomangidwa tcheni limangokumba dzenje mpaka galimoto kukhala pamimba. Ndipo galimoto ikafika pa phula tcheni iyenera kuchotsedwa, popeza imaswa msewu, ndipo ikaduka imatha kukwapula paipi ya mabuleki.

Chida cha chipale chofewa chimene chiyenera kudetsa nkhawa anthu a ku Kabwe ndi chachitatu, chimene chimafika popanda wochiitanitsa. Galimoto zakale zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowa pa Nakonde, nkudutsa Kapiri Mposhi pa msewu wa Great North, ndipo zina zimabwera zitavala matayala a nyengo yozizira. Dziko la Japan linakhazikitsa lamulo loletsa matayala a misomali mu 1990 chifukwa ankapala phula nkudzaza mizinda ndi fumbi, motero kumeneko anthu amadalira matayala a mphira wofewa monga Bridgestone Blizzak ndi Yokohama iceGUARD. Kuwazindikira nkosavuta. Pamwamba pake pali timizere tambirimbiri tokhotakhota, topyapyala moti chikhadabo chokha ndicho chingalowemo, ndipo m'mbali mwa ambiri mwalembedwa mawu akuti STUDLESS kapena mwajambulidwa phiri la nsonga zitatu. Mphira wake anaupangira nyengo yozizira kuposa madigiri 7, pamene ku Kabwe mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 30, phula nkutentha koposa pamenepo. Mphira wotere ukatenthedwa umafewa mopitirira, umatha msanga, ndipo galimoto imayenda mtunda wautali isanaime mabuleki akapondedwa.

Ena amati m'Juni ndi Julayi ku Kabwe kumazizira ndithu. Nzoona, koma kuzizirako nkwa m'bandakucha, ndipo dzuwa likangokwera msewu watentha kale. Ena amati timizere tambiri tija timathandiza pa mvula. Bungwe la oyendetsa galimoto la ku Japan, JAF, linayesa zimenezi pa msewu wonyowa, ndipo matayala a nyengo yozizira anachedwa kuima poyerekeza ndi matayala wamba. Dandaulo lomveka kwambiri ndi la ndalama. Munthu amene wangolipira msonkho wa galimoto sangakondwe kumva kuti agulenso matayala anayi pamene amene alipo akuoneka atsopano, ndipo mwina adutsa bwino pa mayeso a bungwe loona za m'misewu la RTSA. Koma kuzama kwa mizere sikunena za mtundu wa mphira kapena zaka zake. Manambala anayi a m'mbali mwa tayala ndiwo amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Pa msewu wa Lusaka, pamene galimoto zing'onozing'ono zimapanikizana ndi mathiraki, mtengo wa matayalawo uyenera kuwerengedwa limodzi ndi mtengo wa galimoto pogula.

Amene angakumane ndi chipale chofewa chenicheni ndi madalaivala a mathiraki opita ku doko la Durban. Mu Seputembala 2024 chipale chinatseka msewu wa N3 wopita ku Durban cha ku Van Reenen, ndipo anthu anagona m'galimoto usiku wonse. Ngakhale pamenepo tcheni sikanatulutsa thiraki pa msewu wotsekeka kutsogolo ndi kumbuyo. Zimene zinkafunika msanga zinali mabulangete, madzi, chakudya ndi mafuta okwanira m'thanki.