Kacilombo ka fodya kamene kanabisala zaka 47

Alimi a fodya ku Angónia amawadziwa masamba amawangamawanga, okwinyika, amene amatsitsa mtengo pa msika. Matendawa ndi akale, ndipo cimene cimawayambitsa cinazunguza akatswiri kwa zaka zambiri.

Nkhani yake iyambira ku Delft, m'dziko la Netherlands. Kumeneko wogulitsa nsalu wina, Antonie van Leeuwenhoek, ankadzipangira timagalasi tokulitsa zinthu, ndipo m'ma 1670 anaona tizamoyo tikusambira m'dontho la madzi. Maikulosikopu ya kuwala imagwira nchito motere: kuwala kumadutsa m'cinthu copyapyala, magalasi n'kukupinda, cithunzi n'kukula mpaka ka 1000. Ndi makina otere amene dokotala Alphonse Laveran anaonera tizilombo ta malungo tikugwedezeka m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880. Lero akaika dontho la magazi anu pa kagalasi kucipatala, njira yake ndi yomweyo.

Koma pa fodya makinawa analephera. Mu 1892, Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anafinya masamba odwala, nasefa madzi ake ndi sefa yosalola ngakhale mabakiteriya kudutsa. Madzi osefedwawo anadwalitsabe fodya wabwino. Atawayang'ana pa maikulosikopu, sanaonemo kanthu. Mu 1898, Martinus Beijerinck anabwereza nchitoyi, nacha cobisikaco vairasi.

Vuto linali kuwala kwenikweniko. Ernst Abbe anali ataonetsa kale mu 1873 kuti kuwala, popeza kumayenda ngati mafunde, sikungaonetse bwino kanthu kocepa kuposa milimita imodzi yogawidwa ka 5000. Ukonde wa maso akuluakulu sugwira usipa, ngakhale msodzi akhale waluso cotani. Kacilombo ka fodya n'kopyapyala pafupifupi ka 10 kuposa malire amenewo.

Yankho linacokera ku Berlin mu 1931, pamene Max Knoll ndi Ernst Ruska anapanga maikulosikopu ya maelekitironi. Awa ndi tinthu tonyamula magetsi, timene mafunde ake ndi afupiafupi kwambiri. M'malo mwa magalasi, anaika maginito otipinda. Mu 1939, mng'ono wake wa Ernst, Helmut Ruska, pamodzi ndi anzake awiri, anajambula kacilombo ka fodya: kanaoneka ngati timitengo towongoka. Aka ndiko kanali koyamba kuti anthu aone maonekedwe a kacilomboka.

Makina atsopanowa amakulitsa cinthu kopitirira ka 100 000, koma ali ndi zovuta zake. M'kati mwake mumacotsedwa mpweya wonse, motero cimene mukuyang'anaco ciyenera kukhala cakufa, ndipo cithunzi cimatuluka copanda mitundu. Ndi odula, ndipo amafuna magetsi osadukiza. N'cifukwa cake sanalande malo a makina akale aja. Wofuna kudziwa maonekedwe a vairasi amapita ku maelekitironi, koma mwana akatentha thupi m'mudzi, kuwala ndi kagalasi n'zokwanira kupeza malungo tsiku lomwelo.