Katowo ndi Chitumbuka Chimene Chinachotsedwa pa Wailesi

Dera la Hewe

Katowo ali ku Hewe, m'boma la Rumphi, kufupi ndi malire a Zambia. Mfumu yaikulu ya derali ndi a Katumbi. Anthu akumeneko amalankhula Chitumbuka.

Ufumu wa a Katumbi unayamba ndi alendo. Makolo awo anali Abalowoka, amalonda a minyanga ya njovu amene anawoloka nyanja m'zaka za m'ma 1700. Anapeza eni nthaka alipo kale. Anawapatsa nsalu ndi mikanda, nakwatira komweko. Atsamunda atabwera anajambula malire, ndipo abale ena anapezeka ali tsidya lina, ku Muyombe ndi ku Chama. Mpaka lero pa maliro ndi pa ukwati anthu amawolokerana.

Chaka cha 1968

Kuyambira mu 1947, boma la atsamunda linavomereza Chitumbuka kukhala chilankhulo cha m'sukulu za kumpoto. Chinkamvekanso pa wailesi.

Mu 1968 chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano waukulu ku Lilongwe. Chinagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko lonse, pambali pa Chingerezi. A Kamuzu Banda ankati chilankhulo chimodzi chidzagwirizanitsa mtundu. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, m'nyuzipepala ndi m'kalasi.

Taganizani za agogo a ku Katowo. Agulitsa nkhuku, agula mabatire, akhala pakhonde madzulo. Atsegula wailesi kuti amve za mvula ndi mitengo ya ku ADMARC, koma akungotolapo mawu amodziamodzi. Aitana mdzukulu wa sitandade 5 kuti awamasulire. Msonkho ankakhoma, khadi la chipani ankagula, koma boma silinkawalankhula m'chilankhulo chawo. Chitumbuka chinatsala m'nyumba, kumunda ndi m'tchalitchi. Sinodi ya Livingstonia inapitiriza kulalikira ndi kuimba m'Chitumbuka.

Mlandu si wa Chichewa ayi. Chichewa chimatithandiza kumvana pamsika. Cholakwika chinali kutseka pakamwa anthu ena.

Aphunzitsi abwezedwa kwawo

Mu 1987 boma linayamba kusankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera. Ana ambiri a kumpoto amene anakhoza bwino anatsala. Mu 1989 a Banda analamula kuti mphunzitsi aliyense akagwire ntchito m'chigawo chakwawo, ponena kuti aphunzitsi a kumpoto sankaphunzitsa bwino ana a m'zigawo zina. Ambiri anamanga katundu, nakwera malole. Ena anali atakwatira kumwera, ndipo ana awo sankadziwa n'komwe Chitumbuka.

Zinthu zisintha

Mu Epulo 1992 a Chakufwa Chihana, a m'boma lomweli la Rumphi, anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe chifukwa chofuna zipani zambiri. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Mu 1994 mtsogoleri watsopano wa dziko, a Bakili Muluzi, anabwezera Chitumbuka pa MBC, patatha zaka 26. Kenako zinalowanso Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 amaletsa tsankho pa gawo 20. Gawo 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula chilankhulo chimene wasankha ndi kutsata chikhalidwe chake. M'kalasi mokha zinthu zikadali m'mbuyo: mwana wa ku Katowo amalemba mayeso a Chichewa ndi Chingerezi, osati a Chitumbuka.

Chiphaso cha unzika

Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chiphaso cha unzika. Munthu ankajambulidwa, nadinda zala. Kumalire monga ku Katowo nkhaniyi imavuta, chifukwa mwana angakhale ndi mayi a ku Zambia ndi bambo a ku Hewe. Lamulo limati ngati kholo limodzi ndi Mmalawi, mwanayo ali ndi ufulu wokhala nzika. Amene alibe mapepala amapita kwa amfumu kuti amuchitire umboni. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya mayiko awiri.