Kompyuta Yodzilumikizira Wekha

M'chaka cha 1983 malamulo a katundu wolowa m'dziko la Yugoslavia ankalepheretsa munthu wamba kugula kompyuta kunja. Poona vutoli, katswiri wina, Voja Antonić, anakonza kompyuta yotsika mtengo yotchedwa Galaksija, nafalitsa kapangidwe kake m'magazini kuti aliyense adzilumikizire yekha. Anthu pafupifupi 8,000 anaitanitsa zipangizo zake.

Chodabwitsa chinali kagawidwe ka mapulogalamu. Popeza ankasungidwa pa kaseti ngati nyimbo, muulutsi Zoran Modli ankawaulutsa pa wailesi ya ku Belgrade. Kwa osadziwa linali phokoso chabe, lolira ngati nkhululu. Koma achinyamata ankalijambula, nalilowetsa m'kompyuta zawo, masewera n'kuonekera. Yugoslavia inagawikana m'zaka za m'ma 1990, koma okonda makina akale akulumikizabe Galaksija mpaka lero.