Wadyetsa Blantyre Ndani?

Mbiri ya chakudya mumzinda wa Blantyre imakambidwa ngati ndi mbiri ya boma lokha, pomwe amene adyetsa Ndirande ndi Bangwe kwa zaka zambiri ndi amalonda ang'onoang'ono. ADMARC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, inkagula chimanga kwa alimi pamtengo woikidwa ndi boma, nkumachigulitsa m'misika yake. Koma nsima sidyedwa yokha. Masamba a ku Bvumbwe, mbatatesi za ku Ntcheu ndi usipa wa ku Mangochi zinkafika mumsika wa Limbe kudzera mwa anthu wamba, ambiri mwa iwo amayi. Pomwe boma linkamasula malonda a mbewu mu 1987, njira za anthuwa zinali zopondeka kale.

Ena amati mavenda amakweza mitengo chimanga chikasowa, ndipo n'zoona: njala ya 2002 idaonetsa zimenezo. Komabe waganyu amene walandira ndalama madzulo sangakhale pamzere wa ku ADMARC tsiku lonse, ndiponso sangakwanitse thumba la makilogalamu 50. Amagula kapepala ka ufa kokwanira usiku umodzi. Makhonsolo awamangire amalondawa misika yabwino, asamangowathamangitsa.