Maselo oyera a magazi pa kutupa ndi kuundana kwa magazi

Maselo oyera a magazi, omwe ambiri amawatcha asilikali a m'thupi, amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Munthu wamkulu wathanzi amakhala nawo pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'mayikulolita imodzi ya magazi. Kupatula kupha tizilombo toyambitsa matenda, maselowa amatenga mbali pa kutupa komanso pa kuundana kwa magazi, ndipo ntchito ziwirizi zimayendera limodzi.

Kutupa

Munthu akavulala, timitsempha ta pamalopo timakula n'kuyamba kutulutsa madzi. N'chifukwa chake pabala pamafiira, pamatupa, pamatentha ndiponso pamapweteka, zizindikiro zinayi zimene Celsus wa ku Roma anazilemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Oyamba kufika ndi maselo otchedwa neutrophil, omwe ndi ochuluka kuposa maselo ena onse oyera. Amamatirira kukhoma la mtsempha, n'kudutsa pakati pa maselo a khomalo kupita pabala kukameza mabakiteriya. Ambiri amafera pomwepo, ndipo mafinya kwenikweni ndi maselo akufawo. Pambuyo pake pamabwera ma monocyte, omwe amasanduka macrophage n'kuchotsa zotsalira kuti bala lipole.

Kuundana kwa magazi

Ntchito yotseka bala imadziwika kuti ndi ya mapulateleti ndi ulusi wa fibrin, koma maselo oyera nawonso ali momwemo. Monocyte ikakumana ndi tizilombo imatulutsa puloteni yotchedwa tissue factor, yomwe imayambitsa kuundana. Mu 2004, asayansi a ku Berlin anafotokoza kuti neutrophil imatha kutaya DNA yake ngati ukonde wokolera mabakiteriya. Ukondewu umakolanso mapulateleti ndi maselo ofiira, choncho magazi amaundana pamenepo ndipo tizilombo timalephera kufalikira.

Zikapyola muyezo

Chitetezochi chimatha kutembenukira mwiniwake. Tizilombo tikalowerera m'magazi, pa vuto lotchedwa sepsis, magazi amatha kuundana m'timitsempha ta thupi lonse mpaka impso ndi mapapo kusiya kugwira ntchito. Chodabwitsa n'chakuti wodwalayo amathanso kutaya magazi, poti zoundanitsa zimakhala zatha. Kuundana kobwera ndi kutupa kunaonekanso kwambiri mwa odwala COVID-19 mwakayakaya. Ku Blantyre, ofufuza omwe anapima matupi a ana omwalira ndi malungo a muubongo anapeza fibrin, mapulateleti ndi ma monocyte zitaunjikana m'timitsempha ta ubongo wa ambiri mwa anawo.