Diso la Mendel ndi zizindikiro za mu DNA ya nsawawa

Wansembe Gregor Mendel asanayambe kukwatitsa nsawawa ku Brno, anatha zaka ziwiri akungoziyang'anitsitsa. Anatenga mitundu 34 kwa ogulitsa mbewu, n'kudzala, kukolola, kudzalanso, kuti aone ngati ana akutengeradi makolo. Anasankhapo 22 yokha. Ine zaka ziwiri zimenezi zimandigwira mtima kuposa malamulo ake otchuka aja, chifukwa wansembeyu anakana kungokhulupirira dzina limene wamalonda wapatsa mbewu.

Chida chake chinali diso basi. Njere yosalala kapena yamakwinya, yachikasu kapena yobiriwira, chomera chachitali kapena chachifupi. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ankawerenga imodziimodzi, ndipo pa kafukufuku wina anapeza njere zosalala 5,474, zamakwinya 1,850. Kuleza mtima kwake n'kodabwitsa, koma diso limathera pakhungu. Mitundu iwiri imatha kufanana ngati mapasa m'munda pamene m'kati mulibe chibale chenicheni.

Mu 1990 akatswiri a ku bungwe lofufuza la John Innes, mumzinda wa Norwich ku England, anapeza gwero la makwinya aja. Kachidutswa ka DNA kanadzilowetsa pakati pa jini yothandiza kupanga sitalichi, n'kuiwononga. Njere yotere imasunga shuga wambiri, imamwa madzi ambiri ikamakula, ndiye ikauma imafota. N'chifukwa chake nsawawa zamakwinya zimatsekemera.

Tizidutswa todzilowetsa tadzaza mu DNA ya nsawawa, ndipo tamtundu wina tikakhazikika pamalo sitichokaponso, zidzukulu zonse zimatengera. Pamenepa ndi pamene ofufuza anapezerapo mpata. Safunsanso maonekedwe, amangoona ngati pamalo akutiakuti kachidutswako kalipo kapena kalibe. Mu 2010 anafalitsa zotsatira atayeza nsawawa 3,020 za m'nkhokwe ya mbewu ya John Innes, pamalo 45 otere.

Zimene zinatuluka sizikomera alimi amakono. Nsawawa zakutchire, monga Pisum fulvum ya ku Middle East, zinaima patali, pamene mitundu yambiri yolimidwa masiku ano inaunjikana pamodzi ngakhale mayina ake ndi mbwee. Ndiye obereketsa mbewu akafuna nsawawa zosagonja kwa anankafumbwe, amabwerera kwa Pisum fulvum, kachomera kamene mlimi akanakazula n'kukataya kumalire a munda.